Magazi Amene Sanayezedwe

2 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene amatisunga ngakhale sitiyenera. Kuno tili bwino, kaya inu, achimwene ndi Chitsiriza wathu? Bipi ikuti bwanji masiku ano?

Amayi, ndivomere, masiku asanu tsopano sindikupeza tulo. Chondisowetsa tulo ndi uthenga umene Chitsiriza ananditumizira pa foni, wakuti ukwati wake ndi mlamu wanga wamagetsi uja ulipo pa 26 Epulo, ndiponso kuti anapita kale ku uphungu wa kuchipatala umene anthu amalandira asanalowe m'banja, pepala anawadindira. Ine ndinayankha kuti "Ambuye alemekezeke," koma mtima sunali pamenepo. Dzulo kuntchito ndinasokerera kolala ya yunifomu chozondoka kawiri konse, mpaka abwana anandifunsa ngati ndikudwala.

Musandimve molakwa. Mnyamatayo ndimamudziwa kuposa nonsenu. Ndi mng'ono wa mwamuna wanga bere limodzi, sekondale anaphunzira akugona pabalaza panga, malaya ake ndinkasita ndine. Sindikumuneneza choipa chilichonse. Ndikungofuna kudziwa za uphunguwo. Unatenga nthawi yaitali bwanji? Anawafunsa za kumtundu? Magazi anayeza zinthu zingati, ndipo ndi ziti?

Pempho langa ndi lakuti apitenso onse awiri, ulendo uno ku chipatala chachikulu osati kaja ka pafupi ndi msika, akapemphe kuti awayeze magazi mokwanira. Ngati tsiku lingafunike kusuntha, lisunthe. Chifukwa chake ndili nacho, koma dzanja likukana kuchilemba lero. Ndapempha Ambuye kuti andipatse mphamvu. Mwina sanandipatsebe, mwina ndine ndikukana kulandira.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu amayankha ndi achimwene, ndipo nthawi zonse amati mukupuma. Ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa. Mundiyankhe kudzera kwa yemweyo.

Mwana wanu wamkulu.

9 Malichi

Amayi Busa,

Moni talandira. Tili bwino, ndipo tikufuna tikhalebe bwino, nchifukwa chake ndikuyankha ndine.

Kalata yanu amayi sanaimve, ndipo sadzaimva. Maso awo mukuwadziwa, wowerenga makalata pano ndine. Ndinawawerengera kuti muli bwino, mukupereka moni, ndipo mwasangalala kwambiri ndi ukwati. Anati zikomo. Ngati ndi tchimo mundipempherere, ndiyo ntchito yanu.

Inu muli kutali, simudziwa. Mu Januwale makina oyezera bipi ya amayi anaonetsa 182, nesi anachita kundiitanira pambali. Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse ndimatseka galaji 9 koloko, makasitomala akutukwana, kuwaperekeza amayi kuchipatala. Kumeneko kuli kagulu ka anthu a bipi. Nesi amawakhazika pa mipando ya pulasitiki kuseri kwa kolandirira mankhwala, mapazi pansi, dzanja pamimba, maso otseka. Kukoka mpweya ndi mphuno uku akuwerenga mpaka folo, kutulutsa pakamwa mpaka sikisi, mapewa kuwagwetsa ngati munthu amene watula katundu. Tsiku loyamba ndinathawira panja kukaseka, azigogo khumi ndi awiri akuphwa pamodzi ngati matayala obooka. Koma kunyumba amachitanso m'mawa ndi madzulo, mapiritsi akumwa osadumphitsa, ndipo sabata yatha makina anati 148. Nambala imeneyo ndaikhetsera thukuta ine, osati inu.

Nesi anati tichepetse mchere ndi nkhawa. Mchere ndinabisa pamwamba pa kabati. Nkhawa imabwera pa basi ya m'mawa, ndiye ndimakailandira ndekha pa siteji.

Kalatayo ndapatsa mwini nkhani, Chitsiriza. Anayamba ndi kulira, kenako ananena mawu amene sindinkadziwa kuti mphunzitsi wa sukulu ya mkaka amawadziwa. Akuyankhani yekha.

Ine funso langa ndi limodzi. Zaka zisanu ndi ziwiri simunapondeko kuno chimwalirireni mwana wanu. Amayi atagonekedwa chaka chatha munatumiza vesi. Lero mwakumbuka kuti muli ndi mng'ono, ndipo choyamba kumuchitira ndi kumusunthira tsiku? Ngati chifukwa chanu dzanja likukana kuchilemba, limvereni dzanjalo, lili ndi nzeru.

Mlongo wanu wa kugalaji.

11 Malichi

Achemwali,

Moni ndikukupatsani chifukwa amayi anandilera bwino.

Mukanangonena poyera kuti mukuganiza kuti mwamuna wanga ali ndi kachilombo, kapena kuti ndili nako ndine. Tilibe tonse awiri. Pepala ndajambulitsa, nalo ili, chidindo muchione bwinobwino, mukafuna muchinunkhize.

Mwafunsa mafunso ngati apolisi, ndiye nayi mboni. Tinafika 7 koloko. Tinali mabanja khumi ndi anayi m'chipinda chimodzi, ena ataimirira pakhomo. Mlangizi anafika cha m'ma 10, anapepesa kuti ali yekha ndipo akumudikiranso ku sikelo ya ana. Kanema amene amaonetsa anali wowonongeka, ndiye anatiwerengera mitu yake imene inamatidwa pakhoma: kukhulupirika, kulera, ukhondo, kudya bwino. Mtsikana wina anafunsa funso, anyamata anaseka, mlangizi anati mafunso kumapeto. Kenako anafunsa chipinda chonse kuti, "Alipo amene kwawo kuli matenda a kumtundu? Akweze dzanja." Palibe anakweza. Ine ndinanong'oneza wamagetsi kuti kodi bipi ya amayi ikuwerengedwa, iye anati bipi ndi ya aliyense. Tinachonga "palibe" pa fomu. Anatibaya pa chala, tinadikira panja, anatiitana awiriawiri. Ife titalowa anali pa foni, koma anatseka foniyo ndi dzanja nkutiuza kuti zili bwino, anadinda, anati ukwati wabwino. Kuchotsa kudikira, zonse zinatha m'mphindi makumi awiri. Munthu wodziwa ntchito sachedwa.

Kodi inu mwaphunzira kuposa mlangizi wa chipatala? Ndi Fomu Folo yanu ndi makina osokera?

Ndikudziwa chimene chikukuwawani, ndipo ndichinena. Simukufuna kuti ndilowe m'banja limene inu muli, ndingaone mmene mumakhalira. Wamagetsi anandiuza zonse. Akuti inu ndi alamu mumadya mbale zikulira zokha, munthu osatulutsa mawu. Akuti alamu amalankhula ndi wailesi, inu mumalankhula ndi Mulungu. Zanu zinazizira, ndiye mukufuna zanganso zizizire kuti tifanane?

Makadi tagawa kale. Ana anga a kusukulu akuphunzira nyimbo yoti adzaimbe, amalakwitsa malo amodzimodzi tsiku lililonse ndipo ndimawakonda choncho. Inu mukafuna kubwera bwerani mudzakhale kumbuyo. Mukafuna kukhala khalani. Foni ndakutsekerani, musavutike.

Mng'ono wanu, amene akukwatiwa pa 26.

17 Malichi

Chitsiriza mng'ono wanga,

Moni. Ndikhulupirira kuti amayi akupitiriza kupeza bwino.

Zimene wanena za nyumba yanga ndi zoona, sindikana ngakhale chimodzi. Koma chimene chinaiziziritsa sukuchidziwa, ndipo kusadziwa kwakoko wolakwa ndine. Kalata ino ndaiyamba kanayi. Uiwerenge uli chikhalire.

Mwana wanga Katsabola sanamwalire ndi malungo. Ndinakunamizani nonse pamaliro, ndipo ndakhala ndikukunamizani zaka zisanu ndi ziwiri. Anali ndi matenda a m'magazi otchedwa sikoselo. Ukukumbuka titabwera naye ali ndi miyezi isanu ndi itatu, manja ndi mapazi zitatupa, akulira osafuna kukhudzidwa? Iwe unkati mwina walumidwa ndi kachilombo ka m'mphasa, mpaka unakayanika zofunda zonse padzuwa. Sanalumidwe ndi kanthu.

Atakwanitsa chaka, dokotala anatiyeza tonse awiri, ine ndi alamu ako. Anajambula mabokosi anayi papepala, limodzi analidetsa ndi cholembera. Anati aliyense wa ife ali ndi kambewu kamodzi ka matendawa, kamene nthawi zambiri sikadwalitsa mwini wake, nchifukwa chake munthu amakalamba osadziwa kuti ali nako. Koma awiri otere akabereka, mimba iliyonse imagwera m'bokosi limodzi mwa anayiwo. Katsabola anagwera m'lodetsedwalo. Pomaliza dokotalayo anati, "Muwauze abale anu mbali zonse ziwiri, akayezetse asanalowe m'banja." Ndinamumva bwinobwino.

Sitinauze munthu. Alamu ako anati mtundu wawo usalowe m'kamwa mwa anthu. Ine ndinati amayi akamva bipi iwapha. Pamaso pa Mulungu, bipi ya amayi inali pobisalira panga chabe. Ndinkachita manyazi kuti mwana wanga wavulala ndi magazi anga omwe. Ndipo kunobwerako kwanga kwa zaka zonsezi si kunyada, ndinkaopa kuti mukandiyang'ana m'maso ndiulula.

Nafenso tinapita ku uphungu tisanakwatirane, nafenso anatidindira. Mlangizi wanuyo funso anafunsa loyenera, ngakhale analifunsa ngati akuitanira basi. Funso lotero safunsa pagulu. Koma ngakhale akanakutengera pawekha nkutseka chitseko, ukanayankhabe kuti palibe, chifukwa yankho lake ndinalitsekera ine m'sutikesi pansi pa bedi.

Iwe ndi ine bere limodzi. Wamagetsi ndi alamu ako bere limodzi. Mwina nonse mulibe kambewuko, mwina ali nako ndi mmodzi yekha, ndipo zikatero ana anu sangadwale matendawa. Koma pepala lako silikunena zimenezo, chifukwa sanayeze zimenezo. Pita ukatchule dzina lenileni, sikoselo, usangoti magazi.

Pali china choipa kuposa zonsezi. Mutayamba kuyenderana zaka ziwiri zapitazo, ndinagwada nkupemphera kuti chibwenzi chanu chithe chokha, kuti ine ndisalankhule. Taona pemphero la munthu amene mumamutcha Amayi Busa.

Unditukwane mmene ungafunire, koma uyambe wakayezetsa.

Mkulu wako.

2 Epulo

Amayi, Chitsiriza, achimwene, aliyense amene alandire,

Moni nonse. Papita masiku khumi ndi asanu ndi limodzi osamva kanthu. Dalaivala akulumbira kuti kalata ya pa 17, yonena za chimene chinapha Katsabola, anaipereka m'manja mwa achimwene. Kodi Chitsiriza anaiwerenga? Ngati waiwerenga nkundida, ndilandira. Ngati sanaione, achimwene, opani Mulungu, kwatsala masabata atatu.

Ine wanu.

4 Epulo

Amayi Busa,

Mwapambana. Kaimbeni.

Inde, kalata ya pa 17 ndinaitsegula, ndinaiwerenga, ndipo ndinaiika m'bokosi la masipanala. Ndinati ukwati uyambe wadutsa. Inu munabisa zaka zisanu ndi ziwiri, ine masabata awiri okha, ndiye tisayambe kuyezana machimo.

Dzulo ndinali ndi galimoto yoti ituluke masana, ndiye amayi anapita okha ku kagulu kawo. Podutsa pa siteji dalaivala wanu wokhulupirikayo anawapatsa kakalata kanu m'manja. Atamaliza kupuma kwawo kuja anapempha nesi kuti awawerengere. Masana ndinangoona atulukira kugalaji, nkukhala pa tayala pakati pa khomo, magalimoto osalowa osatuluka. Anati, "Iwe, tulutsa kalata ya pa 17 ija. Ndipo uwerenge zimene zalembedwa, chifukwa ndakhala ndikudabwa kuti mwana wanga wayamba liti kulemba makalata a mizere itatu opanda Mulungu mkati."

Ndinawerenga, pepala lili mafuta okhaokha. Anandiimitsa katatu. Amakweza chala, kutseka maso, dzanja pamimba, kukoka, kutulutsa, kenako nkuti, "Pitiriza." Madzulo tinakayezetsa bipi, inali 166. Lero m'mawa 152. Sanafe.

Nesi wandilalatira pamaso pa azigogo onse. Akuti ananena kuti achepetse nkhawa, sananene kuti ndiwasandutse khanda. Akuti kupuma kuja amawaphunzitsa kuti azitha kumva nkhani ngati imeneyi osagwa, osati kuti asamamve kanthu. Akanati anene choncho poyamba, bwenzi ndisanazunzike ndi kupeka makalata.

Chitsiriza sakulankhula nane. Amayi andilanda foni yawo. Nanenso akuti ndikayezetse, ine amene ndilibe ngakhale chibwenzi. Zikomo kwambiri.

Mlongo wanu.

6 Epulo

Iwe mwana,

Akundilembera ndi mnzanga wa ku kagulu ka Lachinayi, ndipo ndamuuza kuti asakometse liwu ngakhale limodzi.

Umasaina kuti mwana wanga wamkulu. Ndiwe wachitatu. Usanabadwe kunali wamkazi, anakhala zaka ziwiri. Kunali wamwamuna, sanakwanitse chaka. Munkangomva kuti alipo anatsogola, simunafunsepo, nanenso sindinafotokoze. Onse awiri manja ankatupa, maso ankachita chikasu, ankalira mpaka mawu kutha. Apongozi anga anati mkaka wanga ndi woipa. Bambo ako sananditsutsire. Ndinakhulupirira. Zaka makumi anayi ndayenda ndikudziwa kuti ndinapha ana anga awiri ndi bere langa.

Utabwera ndi Katsabola manja atatupa, ndinaona. Ndinalowa kuchipinda nkuti tsoka langa lalumphira mdzukulu. Ndiye inde, nanenso ndinakhala chete. Koma ine sindinkadziwa dzina la chinthucho. Iwe unali ndi dzina, unali ndi dokotala, unali ndi pepala la mabokosi. Nesi akuti sangalumbire za ana amene sanawaone, koma akuti zikufanana, ndipo akuti mkaka ulibe mlandu. Mawu amenewo ukanandipatsa iwe zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Unandimana, nkumati ukunditeteza.

Inu ana mwaisandutsa bipi yanga loko wa pakhomo. Aliyense amene ali ndi chobisa amati amayi angafe. Ine ndaika ana awiri, mwamuna ndi mdzukulu. Kalata ndiyo indiphe?

Tsopano mvera. Chitsiriza wavomera kupita ku chipatala chachikulu. Wamagetsi akukana. Anaimbira mkulu wake, ndipo mwamuna wakoyo akuti anali malungo, akuti iwe mutu sukuyenda bwino chimwalirireni mwana. Mnyamatayo akuti chidindo ali nacho kale ndipo sangakhulupirire mlamu kusiya mkulu wake. Ndiye tsegula sutikesi yakoyo utumize mapepala onse a mwana, enieniwo osati ojambulitsa. Mwamuna wako akakaniza umuuze kuti ndanena ine. Usandilembere zopepesa. Tumiza mapepala.

Mayi ako.

15 Epulo

Achemwali,

Mapepala anafika. Wamagetsi anawawerenga ataimirira, anaona dzina la mkulu wake ndi siginecha yake pansi, anangovala nsapato. Tinapita Lachisanu. Zotsatira tatenga dzulo.

Ndili nako. Nayenso ali nako.

Mlangizi wa kumeneko anatseka chitseko, foni anaitembenuzira pansi pa tebulo. Tinakhala naye ola lathunthu ndi theka. Anafunsa za agogo, za amalume, za ana amene anamwalira ali aang'ono, ndipo ine ndinkayankha zinthu zimene ndazidziwa sabata yatha yomweyi ngati mlendo m'banja mwanga. Anajambula mabokosi anu aja. Anati masiku ano mwana amayezedwa msanga, mankhwala alipo, ambiri amakula mpaka kugwira ntchito, koma ululu ndi zipatala sizitheratu. Anati alipo amene amakwatirana akudziwa, alipo amene amasiyana, alipo amene amakwatirana nkulera ana amene sanabereke okha. Ndinamufunsa kuti iye akanatani. Anati ukwati si wake. Anatiuza kuti tibwerenso pakatha masabata awiri, aliyense payekha kenako pamodzi.

Ukwati wa pa 26 ndaimitsa. Ndinapita ndekha kukauza abusa. Ana a kusukulu ndawauza kuti nyimbo tiisunge kaye, wina anafunsa ngati ndi chifukwa choti amalakwitsa. Wamagetsi anandiperekeza mpaka pageti nkubwerera. Foni sanandiimbire. Nanenso sindinaimbe. Sitinayambane, tikungoopana.

Musaganize kuti ndakukhululukirani. Mukanalankhula pamaliro paja, mnyamatayu bwenzi ndikumuona ngati mlamu basi, sindikanalola kuti andikonzere soketi kawiri pa sabata. Munadikira mpaka nditamukonda. Muli ndi nkhanza ya anthu ofatsa, achemwali.

Koma pali chimene mlangizi sangandiuze, chifukwa iye sanagonepo pa benchi ya ku wodi. Ndilembereni mmene zinalili. Zonse, osachotsa, osawonjezera kuti mundiopseze. Musandilembere mavesi. Ndipo mundiyankhe ichi: mukanadziwa, mukanakwatiwa ndi alamu?

Chitsiriza.

17 Epulo

Chitsiriza,

Moni kwa iwe ndi amayi. Kalata yako ndinaiwerengera kuntchito, kuseri kwa mulu wa nsalu, ndipo abwana anandilola kuweruka msanga osandifunsa.

Mapepala aja ndinawatulutsa alamu ako akuona. Anaima pakhomo la kuchipinda nkuti akatuluka m'nyumba muno ndiye kuti ndawavula pamsika. Ndinati tinavulidwa kale, kungoti tinazimitsa nyale. Anandipatsa njira. Kuyambira tsiku limenelo akugona pabalaza. Dzana ndinawapeza atagwira foni, dzina la mng'ono wawo lili poyera, osaimba. Sindikudziwa kuti tithera pati.

Wapempha zonse, nazi.

Katsabola anakhala zaka zinayi ndi miyezi itatu. Anagonekedwa kakhumi ndi kamodzi, magazi anamuwonjezera kasanu. Ululu unkabwera osagogoda. Akusewera bwinobwino, mwadzidzidzi wagwira mwendo, pofika madzulo sungamunyamule chifukwa paliponse pamene wagwira pakupweteka. Ankati, "Amayi, musandigwire," kenako ndikachotsa manja nkuti, "Amayi, ndigwireni." Ndinaphunzira kuika manja pafupi ndi thupi lake osakhudza. Kukazizira ndinkaopa, kukatentha ndinkaopa, mwana wa oyandikana nafe akatsokomola ndinkatseka zenera. Chikwama cha kuchipatala chinkakhala chopachika kuseri kwa chitseko, chopakira kale. Ntchito inandithera kawiri. Komaliza thupi linatentha Loweruka, ine ndinati tione mmene kuchere. Mawu amenewo ndi anga, ndipo ndidzafa nawo. Mwana wotere thupi likatentha sadikira kuti kuche.

Koma wati ndisachotse, ndiye imvanso izi. Masiku abwino anali ambiri kuposa oipa. Ankakhala pansi pa makina anga nkumatola mabatani, onse anali ndi maudindo, lalikulu lakuda linali abwana ndipo linkachotsedwa ntchito tsiku lililonse. Ku wodi ankayeza manesi ndi chivundikiro cha botolo nkuwauza kuti akudwala ulesi. Alamu ako, amene lero salankhula, ankayenda chokwawa pabalaza mwana ali pamsana, akulira ngati lole yokwera chitunda. Nyumba imeneyi inali yaphokoso, mng'ono wanga. Iwe unangoidziwa itazizira.

Funso lako lomaliza ndalitembenuza usiku ndi usana. Ndikakumbukira benchi ya ku wodi ndimati ayi, sindikanakwatiwa. Ndikakumbukira mabatani ndimati ndiye kuti iyeyo sakanakhalako, ndipo pakamwa panga pamakana kunena choncho. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi chakuti ine funsolo sindinapatsidwe nthawi yake. Iwe walilandira mochedwa, ndipo wolichedwetsa ndine. Sindikuuza kuti ukwatiwe, sindikuuza kuti usiye. Ndakusankhira kale kokwanira ndi kukhala chete kwanga.

Zina sizilembeka. Ndapempha masiku atatu kuntchito sabata ya mawa. Ndikufuna ndibwere, ndikhale pansi pamaso pako ndi pa amayi, ndi wamagetsi ngati angalole, mundifunse chilichonse mpaka mafunso athe. Ukafuna kunditukwana unditukwanire pafupi. Koma sindikwera basi iwe usananene, chifukwa khomolo ndinalitseka ndekha ndipo si ine woti ndilitsegule. Abwana akufuna ndiwauze pofika Lachiwiri m'mawa. Undiyankhe tsikulo lisanafike, upatsire dalaivala m'manja mwake, osati achimwene. Liwu limodzi likwana: bwerani, kapena ayi.

Mkulu wako.